Tepi Imene Sindinaitenthe

Nkhani iyi sindinauzepo munthu, ngakhale malemu mkazi wanga amene anagona m'nyumba imodzi ndi chinthucho zaka zonse zija osadziwa. Ndikulemba ndekha, ndi dzanja limene linaphunzira kugwira pensulo ku sukulu ya kwacha imvi zitamera kale. Pomwe ndakhotetsa mundipirire.

Ndinanyamuka kwathu ku Mlangeni Lachiwiri lina mwezi wa Juni, chisanu chikuluma makutu. Ndinanyamula kathumba ka mbatata ya kachewere, tambala wofiira womanga miyendo, ndi tepi ya vidiyo yokulunga m'kansalu, imene ndinaibisa m'thumba la m'kati mwa jekete. Ulendo unali wa ku Sharpevale kwa mng'ono wanga Lekisoni. Mkazi wake, mlamu wanga Nachisale, anali atandiimbira foni Lamulungu. Anangoti, "Alamu, mng'ono wanu maso aja atsekeratu." Sanati bwerani, sanatinso musabwere. Ine ndi Lekisoni tinali tisanakhalepo pamkeka umodzi chichokereni iye ku Nsipe, ana athu akadali aang'ono. Pamaliro tinkapatsana dzanja aliyense akuyang'ana kwake. Choncho ndinakwera galimoto ndi funso limodzi: kodi akandilola kukhala pansi pakhomo pake?

Cha m'ma 6 koloko inaima minibasi yochokera ku Lizulu, yodzaza kabichi kuposa anthu.

"Boma K3,000, madala," anatero kondakitala. "Tambalayo K500."

"Tambala akhala pamiyendo panga."

"Ndiye asalire. Akangolira ndiye kuti ndi pasenjala, alipira."

Tinayenda bwinobwino, Mozambiki kudzanja lamanja, Malawi kumanzere, minda ya mbatata mbali zonse ziwiri osadziwika mwini wake ndi wa dziko liti. Titafika pa Biriwiri tambala uja anatulutsa mutu nalira ndi mphamvu zake zonse. Galimoto yonse inafa ndi phwete. Kondakitala anatambasula dzanja, koma mayi wina amene anakhala pambali panga anamumenya padzanjapo ndi mpango. "Musiye, akuitanira anthu okwera. Iweyo ndiye umulipire." Mayi yemweyo anaona kuti dzanja langa silikuchoka pachifuwa. Anandifunsa ngati mtima ukundivuta. Ndinati ayi, ndi kakatundu chabe.

Kuti mumvetse za kakatunduko ndibwerere m'mbuyo pang'ono, monga tinkachitira poonetsa vidiyo munthu akalowa mochedwa koma atalipira.

Zaka zimene zipani zambiri zinali zitangoyamba, Lekisoni anagulitsa mbatata yake yonse nagula tivi, deki yoonetsera matepi, ndi batire ya galimoto. Anachita lendi chinyumba cha zidina ku Nsipe, natseka mazenera ndi ziguduli, naika matabwa pa njerwa kuti akhale mabenchi. Iye anali manja: kulumikiza mawaya, kupukuta deki ndi kansalu konyowetsa sipiriti, kumata tepi ikaduka. Ine ndinali pakamwa. Ndinkaima kumanzere kwa tivi ndi kandodo, kumasulira filimu m'Chichewa. Chingerezi chimene ndinkachidziwa nthawi imeneyo chinali yesi ndi no basi. Ndinkangoyang'ana nkhope za azunguwo ndi kuwaika mawu m'kamwa.

Tinkaonetsa za karate ndi za nkhondo ya mfuti, koma zimene zinkadzaza nyumba zinali za malupanga ndi amatsenga. Pa zonsezo panali imodzi imene anthu sankatopa nayo. Dzina lake lachizungu palibe wa ku Nsipe ankalidziwa. Mwini filimu anali chimunthu cha chifuwa ngati chitseko, chovala kachikopa kokha m'chiuno monga amavalira anthu akwathu povina ngoma. Ndinamutcha Achikopa, ndipo ndinamusandutsa Mngoni wa konkuno amene anamubera ng'ombe ndi mlongo wake. Mdani wake anali mfiti ya mkanjo wakuda yopanda tsitsi, Adazi. Adaziwa ankaweta chinjoka m'dzenje.

Chinjokacho chinali cha labala, ndipo ulusi umene ankachikokera unkaoneka. Lupanga la Achikopa linkapindika akalitsamira. Padzanja pawo pankaoneka mzere woyera pomwe anavula wotchi. Msilikali wina wa ndevu ankafa kumayambiriro, nkudzafanso pamlatho atavala chisoti china, nkudzafanso kumapeto ali msilikali wa mbali ina. Anthu anamutcha Kafa-Kadzuka, ndipo akangotulukira nyumba yonse inkakuwa kuti, "Wabweranso!" Musaganize kuti tinali opusa. Ulusiwo tinkauona. Koma tinkadziwa kuti anzathu amene anapanga filimuyo anali osauka ngati ife, anamanga ndi zimene anali nazo monga munthu amamangira nkhokwe, ndipo sanachite manyazi. Mwina nchifukwa chake tinkawakonda. Mafilimu a masiku ano amene adzukulu anga amaonera pafoni ndi osalala kwambiri, mulibe poti munthu ugwirepo.

Pa boma tinafika dzuwa litayamba kufunda. Ndinamwa tiyi wa mkaka ndi mandasi awiri pafupi ndi depoti, kenaka ndinayenda m'mashopu a okonza mawailesi kufunsa deki. Maganizo anga anali oti ndikaipeza ndibwereke kapena ndigule, tikaonere limodzi ndi Lekisoni. Zoti munthuyo saona ndinkazidziwa, koma mutu wa munthu wamantha umafuna chogwira m'manja. Wokonza wina wa magalasi okhuthala anandiyang'ana kuyambira kunsapato.

"Ya matepi akuluakulu aja? Madala, mwachedwa pang'ono. Koma ndikhoza kukuikirani mafilimu fifite pa kamemore kadi."

"Muli ya munthu wovala chikopa, yokhala ndi chinjoka cha ulusi?"

"Zinjoka zilimo, koma zopanda ulusi."

"Ndiye si zimenezo."

Kuchoka pa boma kupita ku Nsipe ndinakwera kagalimoto kakang'ono ka anthu asanu ndi awiri, mmene tinalowamo khumi ndi mmodzi. Ndinalipira K2,000. Dalaivala anagawana mpando wake ndi mphunzitsi wina, ndipo posintha giya ankayamba wapepesa.

Ku Nsipe ndikanatha kungodutsa. Zaka zonsezi ndakhala ndikudutsapo nditayang'ana mbali ina. Tsiku limeneli ndinatsika. Msika wa m'mbali mwa msewu wakula: milu ya tomato, anyezi, nzimbe, amayi kuthamangira galimoto iliyonse imene yachepetsa liwiro. Chinyumba chathu chija chilipo, koma anachikhoma malata ndi kuchipaka laimu, ndipo tsopano amagulitsamo feteleza ndi mbewu. Kuseri kwake mtengo wa mthethe ukadali pomwepo. Ndinaima pansi pake tambala ali m'khwapa.

Pansi pa mtengo umenewo ndi pamene tinatenthera matepi a Lekisoni.

Zinayenda motere. Madzulo ena batire inafooka filimu ya Achikopa ili pakati. Chithunzi chinayamba kufota, ndipo Lekisoni anatulutsa tepi msanga kuti deki ingaitafune, naiika pamwamba. Anauza anthu kuti, "Mawa mulowa ulere, tidzayambira pomwepa." Mmawa anamanga batire panjinga kupita nayo ku boma kokatchajitsa. Sabata imeneyo kunali mlaliki wa mutenti, ndipo ine ndinali nditapita kutsogolo kukagwada. Sabata yomweyonso mwana wa munthu wina anadwala malungo aakulu, nkumabwebweta kutchula Adazi. Anthu anasonkhana nati mavidiyo akuphunzitsa ana ufiti. Ine ndinkadziwa chimene mwanayo ankaopa. Mzungu wa dazi uja sindikudziwa ankanena chiyani, mwina ankangodandaula za nyengo. Ndine amene ndinkamulankhulitsa za nsupa ndi malichero ouluka, ndine amene ndinkamutchulitsa manda a m'midzi yathu ndi mayina ake, kuti anthu anjenjemere abwerenso mawa. Ndikanaima nkunena zimenezo. M'malo mwake ndinaima nkunena kuti matepiwo ndi a Satana, ndipo ndinatsekula chitseko ndi kiyi wanga. Anthu akutola matepi m'katoni, ine ndinaona ija ili payokha pamwamba pa deki. Dzanja linangopita lokha, nkuilowetsa m'malaya.

Mwana uja anachira kuchipatala. Koma dzina la ufiti linamumatirira Lekisoni, mpaka anatenga mkazi wake nkutsikira kwawo kwa mkaziyo kuchigwa. Ine ndinabwerera ku Mlangeni, ndipo patapita zaka anandisankha kukhala mkulu wa mpingo.

Njala inandichotsa pansi pa mtengopo. Ndinapita pa chiwaya cha bambo wina wonenepa, wa zaka za m'ma fote.

"Chipisi cha K1,000, mchere pang'ono."

Anaimitsa chipande m'mwamba. "Tanenaninso."

"Ndati cha K1,000."

"Mawu amenewa! Achikopa! Amayi inu, tabwerani muone, awa ndi aja a vidiyo aja!" Anapukuta manja pa epuloni nkundigwira dzanja ndi manja onse awiri. "Madala, ine m'nyumba muja sindinalowemo ngakhale kamodzi. Ndalama ndikanaitenga kuti? Tinkakhala kuseri kwa zenera pa mulu wa njerwa, tikumvera inu. Nkhope ya Achikopa sindikuidziwa mpaka lero. Koma mundifunse mmene anawolokera mlatho wa moto, ndikuuzani phazi ndi phazi."

Ndinamufunsa ngati pa Nsipe pangapezeke deki. Anaseka nati yomaliza imene anaiona inali kometera tsitsi, anaitsamiritsira chitseko kuti chisamatsekeke ndi mphepo. Anandiwonjezera kachiwindi pamwamba pa chipisi, kenaka anafunsa, "Nanga anzanu aja osalankhula, a mawaya aja?"

"Ndi mng'ono wanga. Ndi kumene ndikupita."

"Mukawapatse moni. Anthu anawalakwira aja." Ananena akuyang'ana mafuta a m'chiwaya, ndipo sindinadziwe ngati akukumbukira amene anatsekula chitseko.

Cha m'ma 12 koloko ndinakwera minibasi ya ku Balaka nkutsikira pamphambano pomwe msewu wa ku Salima umapatukira. Pamenepo tinadikira nthawi yaitali galimoto ina kuti idzaze. Anthu anayi amene ndinawapeza atakhalamo kale anatsika mmodzimmodzi ife enieni titachuluka. Anali a ganyu yongokhala kuti galimoto ioneke yodzaza. Sindinakwiye nawo. Nanenso ndinadyapo za ntchito yoonetsa anthu zimene kulibe.

Msewu wa kuchigwa ndi wina. Mapiri athu anatsala kumanzere, abuluu ngati utsi, milambe nkuyamba kuoneka. Kutentha kunakwera. Anthu onse anavula majuzi, ine ndekha ndinakhala ndi jekete, thukuta likutsika m'khosi. Pa Bilira mayi wina anandigulitsa thobwa lozizira la m'botolo kudzera pazenera, nandiuza kuti kuno si ku Tsangano kozizira kuja, ndivule chijasicho ndisanaphike. Dalaivala ankazemba maenje ngati akuvina. Njira yonse ndinkayeseza mawu okanena. Ndinawakonza bwino, okhala ndi mutu ndi mchira, monga ndimakonzera ulaliki wa kumiraga.

Ku Sharpevale ndinatsika cha m'ma 3 koloko, pafupi ndi chipatala. Wakabaza wa njinga yopalasa anati mudzi wa apongozi a Lekisoni akuudziwa, K1,500. Anamangirira mbatata kutsogolo, ine ndi tambala kumbuyo. Tinadutsa pakati pa minda ya mpunga, ina yomweta kale, ina ikadali yachikasu, anthu akupuntha mitolo pa malona. Fungo la mpunga watsopano linali ponseponse. Kwathu kumtunda fungo limenelo timangolimva m'mbale pa Khirisimasi.

Lekisoni ndinamuona tisanafike. Anakhala pa kampando pambali pa mpunga woyanika pamkeka, ali ndi nsungwi yaitali yomangirira pepala la pulasitiki kunsonga. Ankaingitsa nkhuku ndi makutu. Ikangopalasa kumanja, nsungwi inkagwera kumanja. Anali atachepa thupi, ndipo tsitsi lonse linali litapita. Nachisale anatuluka m'khitchini, anandiona, nagwada kulandira kathumba. Kenaka anathamangira m'nyumba nkutuluka ndi mpando, koma sanauike pansi. Anaima nawo m'manja akuyang'ana mwamuna wake.

"Odi kuno," ndinatero.

Nsungwi inaima. Anatembenuza mutu pang'onopang'ono.

"Nachisale, kumtunda kwagwa maliro?"

"Ayi, palibe wamwalira," ndinayankha ndine.

"Ndiye mwasochera, achimwene."

"Sindinasochere. Ndabwera ndi tambala."

Mwana wa Mngoni amadziwa tanthauzo la mkulu wake kubwera ndi tambala m'khwapa popanda maliro kapena ukwati. Koma anangoti, "Nkhuku ndili nazo. Si izi zikundithera mpungazi?"

Ndinatsekula pakamwa kuti ndiyambe mawu ndinakonza aja. Ndinati, "Lekisoni, tsiku lija," nkuthera pomwepo. Pakamwa pamene pankalankhulitsa azungu maola awiri osapuma panauma gwa. Ndinapereka tambala kwa wakabaza kuti andigwirire, ndinapisa m'jekete, nkumasula kansalu, nkuika tepi pamiyendo pake.

Anaika nsungwi pansi. Zala zake zinayenda m'mbali mwa tepiyo mpaka zinapeza pakona pamene inasweka kale, iye nkuimata ndi waya wotentha. Zinaima pamenepo. Anaikweza nkuinunkhiza.

"Iyi sinapse?"

"Sinapse."

"Inali kuti?"

"Pansi pa sutikesi yanga."

"Mkulu wa mpingo," anatero pang'onopang'ono, "kugona ndi Adazi m'nyumba zaka zonsezi?"

Nachisale anabisa pakamwa ndi phewa, mpando ukadali m'manja.

"Ndinalephera kuiponya pamoto," ndinatero. "Ndipo mawu amene anthu anawaopa aja sanali a mutepi. Anali anga. Ndinayenera kuima nkunena. Ndinakusiyirani dzina limene linali langa."

"Mukuyesa sindinkadziwa? Ndinkakhala pambali panu tsiku ndi tsiku. Mzungu wa dazi angawadziwe bwanji manda a ku Nsipe?"

Nkhuku zinapezerapo mpata nkukwera pamkeka, palibe anaziingitsa. Lekisoni ankangotembenuza tepi ija, kuiyeza kulemera dzanja ili ndi ili.

"Nachisale, tayang'anani pagalasipa. Tepi yachuluka mbali iti?"

Mlamu anawerama. "Ili pakati. Uku theka, uku theka."

"Simunaibweze," anatero kwa ine. Limeneli linali lamulo lake lalikulu kale: tepi siigona isanabwezedwe poyambira. Ndinalandirapo mawu ambiri chifukwa cha lamulo limenelo. "Ndiye kuti ili pomwe inaimira madzulo aja. Achikopa ali m'dzenje, lupanga lagwera kutali, chinjoka changotulutsa mutu. Achimwene, munthu mwamusiya m'dzenje zaka zonsezi. Ndipo anthu tinawalonjeza kuti mawa."

Ndinamuuza kuti deki ndafunafuna pa boma ndi pa Nsipe, palibe.

"Deki ya chiyani? Mukaipeza ndionera chiyani, zigongono?" Anatola nsungwi yake nkumenya pamkeka, nkhuku nkubalalika. "Nachisale, apatseni mpando. Mukufuna adzamasulire miyendo itatupa?"

Mpando unafika pansi. Ndinakhala, nkuvula jekete.

Tambala uja tinadyera mpunga watsopano dzuwa likulowa. Tinakangana za Kafa-Kadzuka. Ine ndinati ankafa katatu, Lekisoni anati kanayi, chifukwa analinso m'gulu la akapolo amene anagwera m'chithaphwi, atameta ndevu. Nachisale anati chimene iye amakumbukira ndi mlongo wa Achikopa, amene anakhala m'ndende ya Adazi miyezi yambiri koma milomo yake ili yopaka bwinobwino. Tinaseka mpaka Lekisoni anatsamwa. Mawu oti ndakukhululukirani sanawanene, ndipo ine sindinawapemphe kachiwiri. Anangondifunsa ngati mbatata ya chaka chino yabereka, ndi ngati bondo langa lija likundivutabe. Sindinkadziwa kuti za bondo amazidziwa.

Ndinayenda tsiku lathunthu kufunafuna makina, pamene wachiwaya wa ku Nsipe anali atandionetsa kale ndi nkhani yake ya kuseri kwa zenera kuti filimu ija theka lake linali tepi, theka linali anthu awiri, wina wa manja wina wa pakamwa. Matepi tinatentha. Anthu awiriwo akadalipo, ngakhale wina saona, wina mano atsala owerengeka.

Mmawa kutacha ndinapita kuseri kwa nyumba nkuthyola kandodo ka bulugamu. Nachisale anali atauza kale anzake a kumunda, ndipo anabwera ndi zikwakwa zawo m'manja, ena ndi ana kumsana, nkukhala pansi pa mtengo wa mango. Ndinagubuduza mtondo nkuuvundikira pakati pa bwalo. Lekisoni anapempha kuti timusunthire pafupi ndi mtondowo. Anapukuta tepi ija ndi malaya ake, naiika pamwamba pa mtondo, nagogoda kawiri ndi chala.

"Batire yadzaza," anatero.

Ndinaima kumanzere kwake, pamalo anga. Ndinakweza kandodo.

"Chete kumbuyoko! Amene ali ndi chifuwa akhosomoleretu! Paja dzulo tinawasiya Achikopa ali m'dzenje."